Digiri Yanga ndi Phulusa la Mankhusu



Papita miyezi isanu ndi inayi chimalizireni maphunziro anga a uinjiniya wa zomangamanga pa sukulu ya ukachenjede ya ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre, imene makolo athu amaidziwa ndi dzina loti Polytechnic koma kuyambira mu 2021 imatchedwa MUBAS. Alhamdulillah, ndine mwana wamkazi woyamba pa mtundu wathu kuno ku Nkhotakota kufika pamenepa. M'miyezi yonseyi, aliyense wokumana nane, kaya ndi ku chigayo, kaya ndi pa nikaha, kaya ndi potuluka mu mzikiti tsiku la Ijumaa, funso lake ndi limodzi: "Kodi ntchito ija mwaipeza?" Ndikayankha kuti ayi, amandimvera chisoni nandilonjeza duwa. Koma akamva kuti ntchito ziwiri zidapezeka ine n'kuzisiya, chisoni chija chimasanduka kudabwa, ndipo ena amachita kupukusa mutu. N'chifukwa chake ndaganiza zolemba, kuti ndifotokoze bwinobwino mtundu wa ntchito imene ndakhala ndikufunafuna.

Ndikufuna ntchito ya kafukufuku wa zipangizo zomangira. Imeneyi ndi ntchito ya munthu amene sajambula mapulani a nyumba ndipo salondola amisiri, koma amakhala mu labotale kuyesa simenti, mchenga, dothi, njerwa, laimu ndi zitsulo, kufufuza chimene chimazilimbitsa ndi chimene chimaziwononga, ndiponso kufunafuna njira zopangira zipangizo zabwino kuchokera ku zinthu zopezeka konkuno. Amalume anga atamva zimenezi adati, "Mwana iwe, zaka zisanu zonse zija unkaphunzira kuti uzikasewera ndi matope?" Sadanene monyoza ayi. Iwowa ndi amene adagulitsa ng'ombe yawo imodzi chaka chimene ndinkafuna kompyuta ya kusukulu. Abambo adagulitsa gawo lawo la chilimira kwa mnzawo amene ankapha naye usipa, ndipo chaka ndi chaka amayi ankapatula matumba a mpunga oti ndi a fizi, ife n'kumadya nsima ya kondowole mpaka mpunga wina utacha. Anthu oterewa ali ndi ufulu wonse wofunsa kuti phindu lake lili kuti.

Ndiyambe ndi chinthu chimene ambiri mudachionapo. Pa thumba la simenti la makilogalamu 50 pamalembedwa nambala yoti 32.5 kapena 42.5. Nambala imeneyi ndi lonjezo la fakitale. Ikutanthauza kuti simentiyo akaikanda ndi mchenga ndi madzi motsata muyeso wake, n'kuisunga m'madzi masiku 28, idzasenza katundu wolemera mwakuti isanasweke. Pa 32.5, kamalo ka sentimita imodzi mbali zonse, kongofanana ndi chikhadabo chanu, kayenera kusenza makilogalamu oposa 300, ndiye kuti matumba asanu ndi limodzi a simenti pa chikhadabo chimodzi. Tsono lonjezo lotere pafunika wina wolitsimikiza. Pomanga mlatho kapena nyumba yosanja, amatapako konkire pang'ono n'kuthira m'zikombole zachitsulo za masentimita 15 mbali zonse. Timabuloko totulukamo, timene amisiri amati makyubu, timamizidwa m'thanki ya madzi. Tina amatiswa pa makina opanikiza pakatha masiku 7, tina pakatha masiku 28, n'kulemba mphamvu imene taswekera. Tsiku limene ndidaona koyamba kyubu ikung'aluka pa makinawo, ndidazindikira kuti konkire siinama. Mmisiri akhoza kulumbira kuti adathira simenti yokwanira, koma kyubu imaulula zonse.

Ife anthu a m'mbali mwa nyanja nkhaniyi ikutikhudza kuposa mmene timaganizira. Amayi amasimba za chivomezi cha ku Salima cha mu 1989, mmene makoma adang'ambikira usiku. Ku Karonga nako kudachita zivomezi mu December 2009. Mu March 2023 namondwe Freddy adagumula nyumba zosawerengeka kuchigawo cha kummwera, ndipo mu 2024 madzi adasefukira kwathu konkuno ku Dwangwa, kwinaku nyanja ikukwera mpaka kulowa m'makomo a anthu ku Mangochi ndi madera ena. Chakudza sichiimba ng'oma, ndipo zonse zimachitika mwa chifuniro cha Allah (S.W.T). Komabe amene adayenda m'midzi madzi ataphwa adaona kuti nyumba ziwiri zoyandikana, imodzi idagwa ina idatsala. Kawirikawiri kusiyana kwake kudali pa maziko ndi pa chimene adamangira njerwazo. Khoma la zidina, kapena la njerwa zootcha zomangidwa ndi matope, likaima m'madzi masiku awiri limasungunukira pansi n'kukhala pansi lonse.

Nanga munthu wosauka amange ndi chiyani? Zidina zimasungunuka. Njerwa zootcha zatha mitengo, moti mu 2018 boma lidakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zamalonda. Mabuloko a simenti ndi abwino, koma simenti idakwera mtengo koopsa, makamaka kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023. Zotsatira zake n'zakuti oumba mabuloko ena amatambasula thumba limodzi kuti litulutse mabuloko ochuluka kuposa muyeso, ndipo buloko lake mukhoza kulifikisa ndi chala n'kumayoyoka. Komiti ya mzikiti imasonkhetsa ndalama zaka zitatu, ena kupereka sadaka ya ndalama yawo yotsiriza, koma pasanathe zaka zisanu khoma la kumihirabu lachita ming'alu. Funso limeneli, loti timange ndi chiyani cholimba koma chotheka kugula, ndilo lidandigwira mtima, ndipo yankho limodzi mwa mayankho ake lili kuseri kwa chigayo chilichonse cha mpunga.

Ndikunena mankhusu. Mukapuntha mpunga wa makilogalamu 100, mankhusu ake amakwana pafupifupi makilogalamu 20. Mukawatentha mankhusuwo, mumatsala ndi phulusa la makilogalamu 4 kapena kuyandikira pamenepo, lochuluka kwambiri poyerekeza ndi la nkhuni. Chifukwa chake n'chakuti mpunga ukamakula umayamwa m'nthaka mchere wina wotchedwa silika n'kuusunga m'mankhusu ngati chishango cha njere. N'chifukwa chake mankhusu amakanda m'manja, saola msanga, ndipo ng'ombe siziwakonda. Pa magawo 10 a phulusa limenelo, pafupifupi 9 ndi silika.

Tsono simenti ikakumana ndi madzi imapanga zinthu ziwiri. Choyamba ndi ulimbo umene umagwira mchenga ndi miyala, ndipo mphamvu yonse ya konkire ili mmenemo. Chachiwiri ndi laimu wotsalira, amene sawonjezera mphamvu kwenikweni ndipo madzi amatha kumukokolola. Ndiye uja amaoneka ngati mizere yoyera pa khoma lonyowa. Silika wa m'phulusa la mankhusu akakumana ndi laimu wotsalirayu amagwirizana naye n'kupanga ulimbo wina woonjezera, umene umatseka timabowo ta m'kati mwa konkire. Choncho munthu akhoza kuchotsa gawo limodzi kapena awiri pa magawo 10 a simenti, n'kuikapo phulusa, konkire yake n'kukhala yolimba chimodzimodzi, mwinanso yosalowa madzi msanga. Ndiponso phulusali mukalisakaniza ndi laimu yekha, popanda simenti n'komwe, limapanga dothi lomangira ndi kupakira khoma limene silisungunuka m'madzi.

Wina anena kuti, ngati zili choncho, bwanji osangotapa phulusa ku chigayo? Apa ndi pamene pagona ntchito. Silika amagwira ntchitoyi pokhapokha mankhusu atapsa ndi moto wa pakati pa madigiri 500 ndi 700. Moto ukachepa, phulusa limatsala lakuda, lodzaza makala, ndipo limamwa madzi ambiri n'kufooketsa konkire. Moto ukapyola kwambiri, silika amauma gwa n'kukhala ngati mchenga wamba, wosagwirizananso ndi laimu. Mulu wa mankhusu umene umafuka utsi sabata yathunthu kuseri kwa chigayo uli ndi zonse ziwiri, kwina kosapsa, kwina kopserera. Pafunika uvuni wotheka kumangidwa ndi mmisiri wa pamudzi, wosunga moto pa muyeso wake. Pafunika kupera phulusalo kuti lisalale ngati simenti yomwe. Pafunikanso kudziwa ngati mankhusu a faya wa kuno ndi a kilombero wa ku Karonga akupereka phulusa lofanana, poti nthaka zake n'zosiyana. Konkire ya phulusa imachedwa kulimba m'masiku oyambirira, choncho mmisiri wopupuluma kuchotsa matabwa akhoza kugwetsa nyumba. Ndipo mankhusu enieniwo si aulere monga kale, pakuti oweta nkhuku ndi ootcha njerwa nawonso amawafuna. Mafunso onsewa sayankhidwa ndi pakamwa, koma ndi makyubu mazanamazana oumbidwa, kulembedwa manambala, kumizidwa ndi kuswedwa. Anzathu a ku India ndi maiko ena olima mpunga adachita kale zambiri pa nkhaniyi, koma iwo adayesa mpunga wawo, mchenga wawo ndi laimu wawo.

Nzeru imeneyi si yachilendo. Aroma akale ankasakaniza laimu ndi phulusa la mapiri ophulika la ku Pozzuoli, pafupi ndi Naples, ndipo zina zimene adamanga zikadalipo lero. Asilamu anzathu a ku Kilwa ndi ku Zanzibar ankaotcha miyala ya m'nyanja ya mchere kupanga laimu, n'kumangira mizikiti imene makoma ake aima zaka mazana ambiri. Kochokera kumeneko ndi kumene kudachokera a Jumbe amene adakhazikika kuno ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840. Mbiri yawo ili ndi mbali yowawa ya malonda a akapolo, imene sitiyenera kuibisa, koma ndi iwonso amene adalimbikitsa ulimi wa mpunga m'madambo athuwa. Miyala ya laimu nayo tili nayo ku Balaka, ku Kasungu ndi ku Mangochi, kumene fakitale ya simenti ili pamalo otchedwa Njereza, dzina lonena lokha chimene chili m'nthakamo. Ku Linthipe ku Dedza kuli dongo loyera, la mtundu umene akatswiri a ku Switzerland, Cuba ndi India adapeza kuti ukaotchedwa pa madigiri pafupifupi 800 n'kusakanizidwa ndi miyala ya laimu yopera, umalowa m'malo mwa pafupifupi theka la mwala wa simenti umene umafuna moto wa madigiri 1,450. Zonsezi zili pansi pa mapazi athu.

Koma kudziwa zimenezi n'kwina, kupeza wokulemba ntchito yoti uzichite n'kwinanso. Ndakhala ndikugula nyuzipepala, kapena kubwereka ya aphunzitsi a pasekondale, ndi kuyang'ana pa intaneti pa foni usiku bandulo ikatsika mtengo. Ntchito za mainjiniya zimatuluka ndithu, koma pafupifupi zonse ndi zoyang'anira zomanga, ndipo zambiri zimafuna munthu amene wagwirapo kale zaka zitatu kapena zisanu. Mawu oti kafukufuku ndawaona kangapo kokha, ndipo pamenepo amafuna wa digiri yachiwiri. Ndidaona kuti ntchito imene ndikufunayi m'dziko muno ilipo koma imavala zovala zina. Ili m'malabotale a masukulu a ukachenjede, monga kumene ndidaphunzira ndi ku MUST ku Thyolo. Ili ku Malawi Bureau of Standards, kumene amayesa ngati katundu akukwanira muyeso. Ili ku labotale ya boma yoyesa zipangizo za misewu ku Lilongwe, m'mafakitale a simenti, m'timalabotale ta makontrakitala omanga misewu, ndi ku migodi imene ikukonzedwa monga wa Kangankunde ku Balaka. Malo ake ndi ochepa, ndipo wolowamo satulukamo msanga. Ndidalemba makalata 31. Ndidalandira mayankho 6, ndipo ku intavyu adandiitana kanayi.

Ntchito yoyamba imene idapezeka idali yoyang'anira amisiri pa nyumba zogona zimene kampani ina ikumanga ku Lilongwe. Malipiro ake adali abwino, okwanira kubweza chilimira cha abambo m'chaka chimodzi. Nditafunsa ngati ali ndi labotale, bwana wake adaseka nati, "Achemwali, ife timamanga, sitifufuza." Adanena zoona, ndipo ndi ntchito yahalali imene anzanga ambiri akuigwira mokhulupirika. Koma akuluakulu amene adanditsogolera pa ntchitoyi adandichenjeza kuti amene wayamba njira imeneyo sabwereranso ku labotale, pakuti pakatha zaka zisanu amakhala ndi banja ndi ngongole, ndipo sangavomere malipiro a woyamba kumene. Ndidapempha masiku atatu, ndidaswali istikhara, ndipo ndidawayankha kuti ayi. Amalume adakhala sabata ziwiri osandilankhula, kenaka adatumiza mawu kudzera mwa amayi oti fodya wako ndi uyo ali pamphuno.

Yachiwiri ndiyo idandipweteka, chifukwa idali ya mu labotale yeniyeni, kwa kontrakitala wina. Intavyu idayenda bwino. Pamapeto pake mkulu wina adandiperekeza kukaona makina, ndipo tili pa thanki ya makyubu adati motsitsa mawu, "Dziwani kuti kuno makyubu athu salephera." Ndidafunsa kuti zimatheka bwanji, poti ngakhale pa ntchito yosamalidwa chotani, imodzi mwa zambiri imaperewera. Adandiyang'ana nati, "Mudzazolowera." Sadanene zoposa pamenepo ndipo sindingawanamizire kuti adanena. Koma woyesa zipangizo chuma chake ndi siginecha yake. Akalemba 25 pamene makina aonetsa 18, mlathowo adzawolokapo ndi ana a sukulu, ndipo pepala lonena kuti udali wolimba lidzakhala ndi dzina lake. Tonse tidaphunzira ku madrasa kuti sura ya nambala 83 ya Qur'an yolemekezeka, Al-Mutaffifin, imayamba ndi kuchenjeza anthu ochepetsa pa muyeso ndi pa sikelo. Ambiri tikaimva timaganiza za wogulitsa mpunga ndi chitini chopinda pansi. Makina oswera makyubu nawonso ndi sikelo. Kalata yondilemba ntchito idabwera, ine sindidapite.

Nkhani yachiwiriyi abambo adaimva mosavuta. Munthu amene wagulitsa usipa moyo wake wonse amadziwa za muyeso. Imene idawavuta idali yoyamba ija, ndipo sadalankhulepo mpaka Lachisanu lina atabwera ku Ijumaa. Adandiitana pakhonde nati, "Mayi, lero powerenga Surat Al-Kahf ndinafika pa nkhani ya Dhul-Qarnayn, mmene adamangira mpanda ndi zidutswa za chitsulo, n'kuzikoleza moto, n'kuthirapo mkuwa wosungunula. Ndiye ndimati, kodi adadziwa bwanji kuti ziwirizi zigwirana?" Ndidayankha kuti Allah adampatsa nzeru. Iwo adati, "Inde. Ndipo inu mukufuna kakang'ono ka nzeru yoteroyo. Chabwino. Koma mng'ono wanu akulemba mayeso a Fomu 4 chaka chino, ndipo ine chilimira ndilibe. Mundiuze tsiku." Sadandikakamize, koma adaika malire, ndipo malirewo adali achilungamo. Tidagwirizana kuti ngati Idi ya nsembe idzafike ndisanapeze ntchito ya mu labotale, ndidzavomera ina iliyonse yahalali imene ingapezeke.

Padakali pano sindidangokhala. Mwini chigayo wina wa kufupi ndi kwathu amandipatsa mankhusu, ndipo mmisiri wowotcherera zitsulo adandiboolera mgolo wakale n'kuikamo chitoliro cha waya pakati kuti mpweya uzilowa bwino. Phulusa la m'mgolomo limatuluka loyera motuwira, losiyana kutalitali ndi la pa mulu. Ndimalisinja mu mtondo wakale wa amayi, umene adanena motsindika kuti usadzabwererenso ku khitchini, n'kulisefa ndi sefa wa ufa. Ana a pamudzi amanditcha anti a phulusa. Azimayi a pa madrasa ndidawaphunzitsa kuyesa mchenga asanagule ngolo yathunthu: thirani mchenga mu botolo loonekera mpaka theka, onjezerani madzi ndi kamchere pang'ono, khutchumulani kwambiri, ndipo muliike pansi maola atatu. Mchenga umakhala pansi, matope pamwamba. Matopewo akayandikira gawo limodzi pa magawo 10 a mchengawo, musamangire musanautsuke. Ndidawauzanso kuti konkire yothiridwa madzi ambiri pokanda imafooka, pamene yothiriridwa madzi itauma kale, tsiku ndi tsiku kwa sabata yathunthu, ndiyo imalimba. Amisiri ambiri amachita mosemphanitsa, chifukwa yamadzimadzi imapepuka pa fosholo.

Sabata zitatu zapitazo ndidalandira foni kuchokera ku labotale ina yaing'ono yoyesa dothi ndi konkire za pa msewu. Akufuna wothandizira kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo akaona ntchito yanga adzaganiza zoonjezera. Malipiro ake safika ndi theka lomwe la a ku Lilongwe aja, ndipo ntchito yake yambiri ndi kusefa dothi, kuliyanika mu uvuni, kuliyeza pa sikelo ndi kutsuka zikombole. Si kafukufuku ayi, koma ndi khomo lake. Pa intavyu ndidafunsa ngati makyubu awo amalephera, ndipo mayi amene amayang'anira labotaleyo adatsegula kabati nandionetsa faelo ya olephera okhaokha, pamodzi ndi makalata olamula kuti ntchitoyo igumulidwe. Ndidapemphanso chinthu chimodzi, kuti Loweruka makina akakhala opanda ntchito ndiziswerapo makyubu anga a phulusa, ndipo adavomera malinga ndizilemba m'buku lapadera. Manambala amenewo ndi amene ndidzaike m'makalata ofunsira thandizo la digiri yachiwiri, poti aphunzitsi a kunja safuna kumva kuti umakonda kafukufuku, amafuna kuona chimene udayesa.

Tawerengera ndi amayi, ndipo ndikachotsa lendi ya chipinda chimodzi kwa azakhali ena a pa mzikiti wa kumeneko, ndi chakudya, yotsala ikwanira fizi ya mng'ono wanga koma osati chilimira. Amalume adabwera dzulo ndi nkhuku yoti ndikadye pa ulendo, nafunsa ngati phulusa langalo lingathandize pa khola lawo la mbuzi limene limagwa dzinja lililonse. Ndidawauza kuti adikire. Kuseri kwa nyumba, m'mabeseni awiri a madzi, muli makyubu 18 amene ndidaumba m'zikombole zobwereka: 6 a simenti yokha, 6 ochotsako gawo limodzi pa 10, ndi 6 ochotsako magawo awiri. Ndinyamuka nawo Lolemba pa minibasi, atakulungidwa m'masaka onyowa, ndipo masiku ake 28 akwana Loweruka la sabata yomweyo, Insha Allah.